Chigoli Chimene Mwini Mpira Sanachikhudze

Lachiwiri lina m'mawa, nthawi imene ana amakhala ali m'kalasi, a Mohamedi anamuona Kalimu pa depoti ya Limbe akuitanira anthu minibasi ya eni ake. Shati ya yunifomu anali ataivula n'kuipinda bwinobwino m'jumbo. Mawu ake anali asanakhwime, koma ankayesetsa kuwakulitsa kuti afanane ndi a anyamata amene anakulira pamenepo.

A Mohamedi anali dalaivala wa minibasi ya pakati pa Chigumula ndi Limbe. Akazi awo anali mayi Afisa, ndipo Kalimu anali mwana wa malemu mkulu wawo wa mayiwo. Chimwalirire mayi ake, mnyamatayo ankakhala nawo ku Chigumula, m'nyumba ya lendi, ndipo ankagona mphasa imodzi ndi mwana wawo Suhail. Anyamata awiriwa anali a msinkhu umodzi, onse ali mu Sitandade 7.

A Mohamedi sanatsike ndipo sanakuwe. Minibasi inali itadzaza, anthu akufuna kupita. Anangotchula dzina la Mulungu chamumtima n'kuliza galimoto. Koma tsiku lonselo anayendetsa mtima uli kwina.

Chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti iwo anali atayambitsa timu ya mpira pofuna kupewa zomwezi. Pa ntchito yawo anali ataona ana ambiri akuyamba ndi kuitanira tsiku limodzi, kenako sabata, mapeto ake sukulu n'kuiwalika. Choncho anasonkhanitsa anyamata a m'dera lawo, Asilamu ndi Akhristu omwe, n'kuwatcha Anamzeze. Lamulo linali limodzi lokha: wojomba kusukulu sasewera. Lachitatu ndi Loweruka madzulo ankasiyira galimoto dalaivala mnzawo, iwo n'kupita ndi anawo pa galaundi ya kuseri kwa sukulu.

Mpira umene ankasewera unali wachikopa, ndipo unali wa Suhail. Bambo ake anamugulira m'sitolo ya a Umesh ku Limbe atakhoza bwino mayeso. A Umesh anali munthu wosalankhula zambiri, koma mpirawo ukaphwa ankaupopa okha, n'kuupukuta ndi kansalu asanaubweze.

Aliyense amene anakulira m'makwalala a Blantyre amalidziwa lamulo limene silinalembedwe paliponse, lakuti mwini mpira ndiye mfumu. Iye ndi amene amasankha anzake. Amasewera kutsogolo, penate ndi yake, ndipo akakwiya amanyamula mpira wake, masewero n'kuthera pomwepo. Anamzeze anali ndi dzina ndiponso kochi, koma lamulo limeneli analowa nalo m'timu osazindikira. Suhail sanali mwana woipa. Mpira ankautha kwambiri, moti akayamba kudyetsa anthu njomba, amayi ogulitsa chimanga chootcha m'mbali mwa galaundi ankaiwala kutembenuza. Bambo ake nawonso anali ndi malangizo amodzi okha. Mpira ukangofika kwa wina aliyense, iwo ankakuwa kuti, "Mpatseni Suhail."

Poyamba zinkayenda. Koma matimu ena anazindikira msanga. Ankangoika anyamata atatu pa Suhail, basi Anamzeze athera pomwepo. Anagonja kwa anyamata a ku Manja, anagonjanso kwa ena ndi ena. Pang'ono ndi pang'ono ana anayamba kuchepa pa galaundi. Ndipo tsopano amene anasowa anali wa m'nyumba mwawo momwe.

Madzulo a tsikulo, ataswali pemphero la Magharibi, banja linakhala pakhonde likumwa tiyi. Mayi Afisa anali atamva kale nkhaniyo kwa amuna awo. Pogawa mbatata anasankha yaikulu n'kuika m'mbale ya Kalimu. A Mohamedi anamuuza mnyamatayo mofatsa kuti amuona ku depoti, ndipo anamufunsa chimene chinamutengera kumeneko. Ankaganiza kuti atchula njala kapena nsapato. Kalimu anayankha akuyang'ana m'kapu.

"Bambo, sukulu ndinkalimbikira chifukwa cha mpira," anatero. "Koma kumanzere kuja ndimangoima ngati mtengo wa magetsi. Ku depoti ndikaitana, anthu amabwera. Pa galaundi ndikaitana, palibe amene amatembenuka."

Suhail anaseka mwamanyazi n'kunena kuti akamupatsa mpira amautaya. Kalimu anafunsa kuti anamupatsa liti. Suhail anafuna kutchula tsiku, koma sanalipeze.

Apa mlongo wake wa Suhail, Sumayyah, amene ankasewera mpira wamanja kusukulu, anaikapo mawu ake. "Achimwene, kukanakhala kwathu bwenzi mutatuluka kalekale. Madamu salola munthu kugona ndi mpira."

Madamu amene ankanenawo anali mayi Namaona, aneba awo, mphunzitsi wa pulayimale. Iwo ankaphunzitsa atsikana mpira wamanja, ndipo anachitapo maphunziro a kaphunzitsidwe ka masewero a ana a sukulu, wamanja ndi wamiyendo womwe. Mabanja awiriwa ankagwirizana. Mayi Namaona akathyola nkhwani m'kadimba kawo ankadutsitsa ina pampanda, ndipo tsiku la Idi mbale ya mpunga inkalowera kwawo.

Mayi Afisa anauza amuna awo kuti akawafunse nzeru anebawo. A Mohamedi anakayika. Ananena kuti mpira wamanja ndi wamiyendo ndi zinthu zotalikirana.

"Bambo a Suhail, kufunsa ndi kudziwa njira," anatero mayi Afisa. "Mwanayu mukhoza kumuperekeza mpaka pageti la sukulu, koma inu mumakhala pamsewu tsiku lonse. Ngati mtima wake uli ku depoti, adzatulukira kumpanda."

A Mohamedi anadziwa kuti akazi awo akunena zoona. Kunali mpikisano wa matimu a ana umene amalonda ena a ku Limbe anakonza kuti udzachitike kumapeto kwa teremu, ndipo Anamzeze anali atalembetsa. Anamupempha Kalimu kuti abwerere kusukulu ndi ku timu kufikira mpikisanowo, awapatse mpata wokonza zinthu. Kalimu anavomera, koma nkhope yake inkaonetsa kuti sakuyembekezera kusintha kulikonse.

Lachitatu mayi Namaona anabwera pa galaundi. Anakhala pa njerwa pansi pa mtengo wa bulugamu, manja ali pamaondo, n'kumangoonerera. Anyamata onse ankathamangira kumene kuli mpira ngati nkhuku zothiriridwa madeya. Amene waupeza ankangoumenya kutsogolo, kufunafuna Suhail. Kumanzere, Kalimu anakweza dzanja kangapo, kenako analeka.

Masewero atatha, mayiwo sanawadzudzule a Mohamedi pamaso pa ana. Anadikira kuti anyamata apite kukamwa madzi pampopi, kenako anayamba ndi kuwathokoza chifukwa chosiya galimoto n'kumasamala ana a eni. Atatero anawafunsa funso limene sankaliyembekezera.

"Aneba, mukafika pamsika wa Limbe n'kupeza magalimoto athinana, mumalowa pakati pomwepo?"

A Mohamedi anayankha kuti ayi, amazungulira njira ya m'mbali.

"Nanga mumadziwa bwanji kuti m'mbalimo muli mpata?"

Anayankha kuti dalaivala sayang'ana chiwongolero, amayang'ana kutsogolo ndi pa magalasi asanakhote.

"Ndiye bwanji ana anuwa mukuwalowetsa onse pamsika?" anatero mayi Namaona akumwetulira. "Msewu wa kumanzere uli pululu, ndipo muli mwana amene wakhala akuimika minibasi chiyambire masewero."

A Mohamedi anayang'ana galaundi ngati akuiona koyamba. Pakati panali potheratu udzu, fumbi lokhalokha. M'mbali monse udzu unali wobiriwira, wosapondedwa.

Mayi Namaona anapempha chinthu chimodzi: Loweruka anyamata abwere ku bwalo la mpira wamanja, adzasewere ndi atsikana awo, motsatira malamulo a atsikanawo.

Anyamata atamva anaseka mpaka kugwa. Nasoro, wamng'ono kwambiri m'timu koma wapakamwa kuposa onse, anafunsa ngati masiketi akawapeza komweko kapena abwereke kunyumba. Abdulmalik, amene ankasewera pakati, ananena kuti anzawo a ku Manja akamva kuti asewera ntchemberembaye sadzayendanso mumsewu. Suhail ananena kuti palibe vuto, akangowagoletsa atsikanawo zigoli zingapo n'kubwerako. A Mohamedi anangowauza kuti amene sabwera Loweruka asadzabwerenso Lachitatu.

Loweruka anabwera onse. Mayi Namaona anawafotokozera malamulo. Ukagwira mpira suyenda nawo. Suusunga nthawi yaitali. Aliyense ali ndi dera lake, ndipo palibe amene angachoke kumbuyo mpaka kukagoletsa yekha. Atsikana anaima mozungulira n'kupemphera mwachidule, aliyense monga mwa chipembedzo chake, ndipo wezulo inalira.

Zimene a Mohamedi anaona tsiku limenelo sanaziiwale. Mpira unachoka pakati n'kuyamba kuyenda m'manja mwa atsikana ngati madzi otsetsereka m'ngalande mvula itagwa. Palibe amene anathamanga nawo, koma mpirawo unkathamanga kuposa aliyense. Mtsikana ankaponya pamalo opanda munthu, ndipo mpira usanagwe, mnzake n'kutulukira pomwepo ngati wachita kuphuka pansi. Sankakuwa. Ankangoyang'anana. Anyamata, amene anali aatali ndi amphamvu kuposa iwo, ankangozungulira ngati akufunafuna chinthu chotayika. Asanazindikire, mpira unali utalowa mu mkombero.

"Subhanallah," anatamanda Mulungu a Mohamedi chapansipansi. Mwana wawo Sumayyah ankamuona tsiku lililonse akutsuka mbale ndi kutunga madzi, koma sankadziwa kuti m'mutu mwake muli maso oona zinthu zisanachitike. Anachita mantha pang'ono poganiza kuchuluka kwa mphatso zimene Mulungu amaika mwa ana, makolo n'kumazidutsa osaziona.

Suhail ndiye anavutika koposa. Akangogwira mpira, miyendo inkayamba yokha kuyenda, wezulo n'kulira. Anayesa kachiwiri, wezulo. Kachitatu anaima chilili mpira uli m'manja, atsikana awiri atamutchinga, ndipo kwa nthawi yoyamba anakweza mutu kufunafuna mnzake. Amene anamuona anali Kalimu, ali yekha kumanzere. Anamuponyera. Sichinali chinthu chachikulu, ndipo chigoli sichinabwere. Koma mayi Afisa, amene anaima kumpanda ndi ndowa ya madzi akumwa a ana onse, anachiona.

Atsikana anapambana ndi zigoli zambiri, moti palibe amene anafuna kuziwerenga. Sumayyah sanamuseke mchimwene wake. Anangomutungira madzi m'kapu n'kumupatsa. Nasoro anagona chagada pa udzu n'kunena kuti siketi ija aibweretse basi, mwina nzeru zili m'menemo.

Ana atapuma, mayi Namaona anawakhazika pansi. Anawafunsa kuti atsikana awaposa chiyani, popeza mphamvu ndi liwiro zinali kwa anyamata. Abdulmalik anayankha kuti atsikanawo amakhala ngati alipo ambiri. Mayiwo anati chiwerengero chinali chofanana, kungoti kwa atsikana aliyense ankasewera, pamene kwa anyamata ankasewera ndi amene ali ndi mpira yekha.

Kenako anawapatsa mfundo zoti azikumbukira akamapita kukagoletsa. Kweza mutu mpira usanakufike, udziwiretu kumene uupereke. Ukapereka usaime n'kumaonerera, thamangira pamalo opanda munthu kuti mnzako akhale ndi womupatsa. Tambasukani mpaka m'mbali mwenimweni, chifukwa otchinga kumbuyo sangatseke galaundi yonse. Ndipo anawonjezera mfundo ina imene anyamata sanaimvetse tsiku limenelo.

"Nthawi zina wosewera wabwino amathandiza timu pothawa mpira," anatero. "Adani akamakuopa, amakutsatira. Ukawatengera kutali, wasiyira anzako khomo lotsegula."

Kwa a Mohamedi anali ndi mawu ena apadera, amene anawauza akubwerera kunyumba. Anati asiye kukuwa dzina limodzi. Chigoli chikalowa, ayambe kuyamikira amene wapereka mpira, kenako amene anathamanga kukatsegula mpata, wogoletsa akhale womaliza. Anawaonetsanso timasewero tophunzitsira: anyamata atatu kupatsirana mpira m'kabwalo kakang'ono wina ali pakati kuulanda, ndiponso masewero amene munthu saloledwa kukhudza mpira koposa kawiri. Pomaliza ananena mosamala kuti pali nkhani ya mpira weniweniwo. Malinga ngati uli wa mwana mmodzi, ana enawo azidziona ngati alendo. Koma anawachenjeza kuti asamulande Suhail, chifukwa chopereka mokakamizidwa sichimanga timu.

Masabata otsatira sanali ophweka. Lamulo la kukhudza kawiri linkamumanga Suhail miyendo. Amayi a chimanga chootcha anayamba kudandaula kuti mpira wa masiku ano sukukoma, njomba zatha. A Mohamedi nawonso pakamwa pankawayabwa. Kangapo konse dzina la mwana wawo linafika pamilomo, iwo n'kulimeza.

Tsiku lina Suhail anadyetsa njomba anyamata atatu n'kugoletsa chigoli chokongola. Bambo ake analiza wezulo n'kunena kuti chigolicho sichiwerengedwa, chifukwa wakhudza mpira kambirimbiri pamene Nasoro anali yekha pafupi ndi golo. Suhail anawayang'ana bambo akewo, misozi ili m'maso. Kenako anachita zimene mwini mpira aliyense amachita. Anatola mpira wake, kuukwapatira m'khwapa, n'kutuluka m'galaundi.

Anyamata anayamba kutola mapatapata awo. Ankadziwa kuti zikatere ndiye kuti kwatha. A Mohamedi anaima osadziwa chochita. Kumuthamangira mwanayo kukanakhala kugonja, kumukalipira kukanakhala kumutaya.

Ndi Kalimu amene anawapempha anzake kuti adikire pang'ono. Anapita kudzala la kuseri kwa sukulu n'kutola majumbo akale ndi zisanza. Anakhala pansi n'kuyamba kukulunga, akumanga ndi chingwe cha thumba la feteleza. Zala zake zinkayenda mwaluso ngati za munthu woluka dengu. Posakhalitsa anaimirira ndi chikulunga cholimba, chozungulira bwino, n'kuchigudubuzira kwa Abdulmalik. Masewero anapitirira.

Suhail sanapite kutali. Anakhala pa chulu kuseri kwa mpanda, mpira wachikopa uli pamiyendo. Ankayembekezera kuti wina abwera kudzamunyengerera monga kale. Palibe anabwera. Ankangomva kuseka, ndi mawu a bambo ake akuyamikira mayina amene sanawamvepo akuyamikiridwa. Ali pachulupo anaona chinthu chimene sakanachiona ali m'kati. Anaona mmene mipata imatsegukira ndi kutsekeka. Anaona Kalimu akuthamanga m'mbali mwa mzere, ndipo anadabwa kuti mbale wake amene amagona naye mphasa imodzi ali ndi liwiro lotero, komanso mwendo wamanzere woponya mpira pamene wafuna.

Dzuwa litapendeka anatsika pachulu. Sanapepese ndi mawu. Anafika m'mphepete mwa galaundi, n'kuika mpira wachikopa pansi, n'kuukankha pang'onopang'ono mpaka unakaima pamapazi a Kalimu. A Mohamedi anayang'ana kumbali ngati sanaone, kuti mwanayo asachite manyazi.

Lachisanu akuchokera ku mzikiti, Suhail anawauza bambo ake kuti mpirawo ukhale wa timu, ndipo uzigona kwa aliyense mosinthana. Bambo ake anaika dzanja paphewa pake mpaka kukafika kunyumba.

Tsiku la mpikisano linafika. Unachitikira pa galaundi ya sukulu ina ku Limbe, ndipo Anamzeze anagwera anyamata a ku Manja omwe aja. A Mohamedi anawanyamula ana onse pa minibasi. Mayi Afisa, Sumayyah ndi mayi Namaona anakhala kutsogolo. A Umesh anasiyira sitolo mwana wawo n'kubwera ndi thumba la malalanje, amene anagawira matimu onse awiri mofanana.

Anyamata a ku Manja anachita zimene ankadziwa. Anaika atatu pa Suhail. Chigawo choyamba Anamzeze anasewera mwamantha, ndipo a ku Manja anagoletsa chimodzi. Ochemerera ena amene ankamudziwa Suhail ankakuwa kuti mwanayo apatsidwe mpira awadyetse njomba. Kalimu anali atalandira mpira kawiri kokha, ndipo mutu wake unayamba kugwa ngati kale.

Pa nthawi yopuma a Mohamedi anamva mawu akale akukwera kukhosi. Anayang'ana kwa mayi Namaona, koma mayiwo anali kusenda lalanje la Nasoro, osawayang'ana n'komwe. Anazindikira kuti timuyo ndi yawo, ndipo mawu ayenera kuchokera kwa iwo. Anapempha Mulungu chamumtima kuti awagwire lilime. Kenako anawauza ana kuti pamsika padzaza, azungulire m'mbali. Anamuyang'ana Suhail n'kumufunsa ngati akukumbukira mawu omaliza a madamu aja. Suhail anagwedeza mutu movomera.

Chigawo chachiwiri chitayamba, Anamzeze anatambasuka. Abdulmalik anapatsira Suhail, Suhail anamubwezera nthawi yomweyo n'kudutsa, Abdulmalik anamuponyeranso kutsogolo, ndipo Suhail anagoletsa. Zigoli zinafanana. A Mohamedi anakuwa dzina la Abdulmalik poyamba.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, goloboyi wa Anamzeze, Eliot, anagwira mpira. Kale akanaumenya m'mwamba kuti ukagwe kumene ukagwe. Ulendo uno anaugudubuzira kwa wotchinga kumbuyo wa kumanja. Ameneyo anapatsira mnzake wa pakati. Mpira unayenda kuchoka phazi ili kupita phazi ilo, mwakachetechete, ndipo phokoso la anthu linayamba kuzirala lokha. Unafika kwa Abdulmalik, amene anali atakweza kale mutu.

Suhail anali pakati, kutsogolo kwa golo, atatu aja atamuzinga. Aliyense pa galaundi ankadziwa kumene mpira upite. Mwadzidzidzi Suhail anatembenuka n'kuliyatsa liwiro kulowera kumanja, kutali ndi golo, akukuwa ngati akufuna mpira. Atatu onse anamutsatira. Pamene anachokapo panatsala bwalo loyera, lotseguka ngati msewu wa m'bandakucha.

Abdulmalik sanamuyang'anenso Suhail. Anaponya mpira kumanzere, pa udzu wobiriwira pamene panalibe munthu. Kwa kamphindi zinaoneka ngati wautaya. Kenako Kalimu anatulukira. Anaupeza usanatuluke, anaukhudza kamodzi, n'kukweza mutu. Akanatha kuyesa kugoletsa yekha, ndipo palibe akanamunena. Koma anaona Nasoro akulowa pamalo amene Suhail anasiya. Ndi mwendo wamanzere uja anaudutsitsa pansipansi, pakati pa goloboyi ndi wotchinga amene anatsala. Nasoro anangoikapo phazi.

Mpira utagwedeza ukonde, anthu anayang'anana ngati sakukhulupirira zimene aona. Ngakhale ochemerera a ku Manja anagwira pakamwa. Bambo wina wachikulire amene anaima pafupi ndi a Umesh anavula chipewa chake n'kunena kuti waonera mpira zaka zambiri, koma sanaganizepo kuti ana a m'makwalala angasewere ngati ali ndi mtima umodzi. Kenako phokoso linaphulika.

A Mohamedi sanadumphe. Anakhala pansi pa udzu. Ankaganiza za ana khumi ndi mmodzi, ochokera m'nyumba zosiyana, ena odya kamodzi patsiku, amene kwa kamphindi anaona chinthu chimodzi ndi maso amodzi. Anati Alhamdulillah.

Nasoro anathamangira kwa Kalimu. Koma Kalimu anamudutsa n'kuthamanga galaundi yonse mpaka kumanja, kumene Suhail anali atawerama akupuma movutika, kutali ndi chigoli chimene sanachikhudze. Anamukumbatira.

"Ndinakuona," anatero Suhail. "Usanakweze n'komwe dzanja, ndinakuona."

Wezulo yomaliza inalira Anamzeze akutsogola. Chikho sanatenge, chifukwa sabata yotsatira anagonja kwa timu ina ya ku Nyambadwe imene inawaposa. Koma palibe amene anasowa pa galaundi Lachitatu lake, ndipo ana amene anachoka kale aja anayamba kubwerera mmodzimmodzi.

Tsiku la chigoli lija anyamata anagwirizana kuti mpira ukagone kwa Kalimu. Sumayyah anaseka n'kunena kuti ulendo wake ndi waufupi, wangochoka kumutu kwa mphasa mbali iyi kupita mbali iyo. Mayi Afisa anaphika tiyi wamkaka n'kutumiza kapu yoyamba kwa mayi Namaona kudzera pampanda.

Teremu yatsopano itayamba, Kalimu ndi amene ankadzutsa Suhail kuti asachedwe kusukulu. Shati ya yunifomu sinalowenso m'jumbo. M'mawa wina a Mohamedi akudikira anthu pa depoti ya Limbe, anayang'ana pamalo paja pamene anamuona Kalimu tsiku lija. Panali mwana wina, wamng'ono kuposa iye, akuitanira ndi mawu osakhwima. Ulendo uno a Mohamedi anatsika. Anamugawira chitumbuwa chimene anagula kuti adye okha, n'kumufunsa dzina lake ndi kumene amakhala. Kenako anamufunsa ngati amasewera mpira.

Makolo ndi onse amene mumaphunzitsa ana masewero, mwana amakhala pamene akuona kuti akufunika. Timu imene imadalira mwana mmodzi imagonja pa galaundi, ndipo imataya ana ena onse kunja kwa galaundi. Phunzitsani ana kukweza mutu, kupatsirana ndi kutsegulirana mipata. Yamikirani wopereka mpira monga mmene mumayamikira wogoletsa. Ndipo mwana amene waima yekha m'mbali atakweza dzanja, muoneni msanga, asanapite kukaitana kumene ena angamuyankhe.